Anapita Kukathowa Nekesa

Vailet sadziwa kukhala pansi. Aliyense amene anagwirapo naye ntchito ku bungwe lija la ku Lavington, lotumiza chakudya kumadera a chilala, angakuuzeni zimenezi musanafunse n'komwe. Msonkhano amauyamba ali pampando ngati anzake, koma mfundo yachiwiri isanathe mumamupeza ali pawindo, kapu ya tiyi m'manja, akuyankha mafunso nkhope ili kumsewu. Kutchalitchi ndiye amayendetsa mbale ya chopereka, osati kuti anasankhidwa ayi, koma ulaliki ukatalika miyendo imamuyabwa. Amuna ake, a Lawson, analeka kalekale kudandaula. Iwo ndi munthu wofatsa, wa mtundu uja woti tiyi amayamba amuyang'ana kaye asanamwe, ndipo mpaka lero anthu amadabwa kuti awiriwa anapezana bwanji.

Vailet kwawo ndi ku Linthipe. Mayi ake anamwalira iye ali Sitandade 3, ndiye analeredwa ndi achemwali ake, a Getrude, amene anasiya sukulu kuti wamng'onoyo apitirize. Ku Nairobi anabwera ndi ntchito, akuganiza kuti akhala zaka ziwiri zokha. Zaka ziwirizo zinabala zinzake, mpaka anafika pomakangana ndi makondakitala a minibasi, zija amati matatu, m'Chiswahili n'kumawagonjetsa. Amakhala ku Kilimani, m'nyumba ya m'mwamba pafupi ndi Ngong Road, kumene mahutala a magalimoto amayamba tambala asanaganize zolira.

Chiberekero anamuchotsa ali ndi zaka 39. Munali zotupa, ndipo ankataya magazi ambiri moti tsiku lina anakomoka pamasitepe a ku ofesi. Anali atayesa zonse: mapiritsi, kusala kudya, ngakhale mizu imene a Getrude anatumiza ndi munthu wa pa basi. Atatsitsimuka kuchipatala ku Parklands, dokotala anamuuza kuti chiberekero chapita koma mazira atsala. Patapita miyezi madokotala anatenga ena mwa mazirawo, kuwaphatikiza ndi mbewu ya a Lawson, n'kuwasunga mufiriji ya chipatala kudikira tsiku limene padzapezeke mayi wina wowanyamulira mimba. Vailet ankati anzake ana awo ali kusukulu zogonera komweko, ake ali mufiriji. Kuseka ankaseka ndithu, koma akamadutsa ku Parklands ankayang'ana kumbali.

Munthu woti chikepe chikachedwa amakwera masitepe anazengereza zaka zambirimbiri pa nkhani imodzi yokhayi. Ankaopa pakamwa pa anthu. Amalawi a ku Nairobi ndi ochepa, ndipo akakumana pa chikondwerero cha ufulu, nkhani ya munthu mmodzi imawakwanira onse mpaka ina kutsala yotengera kunyumba. A Lawson nawo ankangoti tiyambe tapemphera. Anapempheradi, mpaka m'mawa wina Vailet anaona imvi pagalasi, osati imodzi yozula n'kuiwala, koma mzere wathunthu. Anali ndi zaka 46. Anatuluka m'bafa chipeso chili m'manja.

"Bambo, Mulungu anatimva kalekale. Panopa akudikira ife."

Bungwe lina loona za zimenezi linawapezera Nekesa. Anali mayi wa ana awiri, kwawo ku Bungoma, wogulitsa ndiwo zamasamba ku Kawangware, mu Nairobi momwemo. Mwamuna wake anapita ku Mombasa kukafuna ntchito, osabwereranso. Anali wamtali, wosalankhulalankhula, wa mpata pakati pa mano akutsogolo. Ulendo woyamba mimba inakana. Wachiwiri inagwira.

Apa m'pamene mtima wa Vailet unachokera m'malo. Loya wawo anawauza mosapsatira kuti mwana akabadwa, pamaso pa boma mayi wake adzakhala amene wabereka, mpaka khoti litamva mbali zonse n'kugamula. Nekesa adzayenera kukaima pamaso pa woweruza n'kunena ndi pakamwa pake kuti mwanayu ndi wa awa.

"Nanga akasintha maganizo?" anafunsa Vailet.

Loya anati zimenezo sizichitikachitika. Iye anayankha n'kuiwala, koma mawu amenewo anamudya Vailet miyezi yonse ya mimba.

Ndiye anadziikira lamulo lakelake loti asazolowerane. Ankakumana kusikelo basi: moni, mukudya bwino, miyendo sikutupa, kenako aliyense njira yake. Zipatso ndi mkaka ankatumiza ndi dalaivala wa takisi. Tsiku lina akudikira dokotala, Nekesa anagwira mimba yake n'kumwetulira.

"Madam, akukankha. Gwirani apa mumve."

Vailet anati foni ikulira, n'kutuluka. Foni sinalire. Anazungulirazungulira pamalo oimika magalimoto manja ali m'khwapa, mtima ukufunitsitsa kubwerera. Ankaganiza kuti akangoonetsa mmene akumufunira mwanayo, Nekesa nayenso ayamba kumufuna. Zinali nzeru zopanda mutu, koma ndi zimene anali nazo.

Vailet anawauza a Getrude pafoni mimba itayamba kuoneka. Anafotokoza zonse, za firiji zomwe.

"Iwe Vailet, zimenezi n'zololedwa?"

"N'zololedwa, achemwali."

"Magazi a mwanayo ndi a ndani?"

"Anga ndi a bambo a kunyumba kuno."

"Basi. Undigulire tikiti. Mwana wa kwathu sangafike padziko popanda munthu wamkulu womulandira."

Mwana anabadwa wamkazi, m'mawa wina mvula ikuwaza, ndipo anamutcha Chiyamiko. Nekesa anabereka bwinobwino popanda opaleshoni. Namwino anabweretsa kakhandako m'chipinda china mmene Vailet ankapondaponda, n'kukaika m'manja mwake. Vailet analira mokweza moti a Lawson anachita manyazi n'kutseka chitseko, kenako nawonso analira. Nekesa anatulutsidwa mawa lake. Vailet anamulembera uthenga wothokoza pafoni, kulemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta, mpaka anautumiza. Yankho silinabwere. Anaimba, foni inali yothima. Anaimbanso tsiku lotsatira, yothimabe.

Mukanaganiza kuti tsopano mayiyu apuma. Ayi ndithu. Ankayenda ndi mwana kuchoka kuchipinda kupita kukhitchini, kuchoka kukhitchini kupita pabalaza, ndipo akamugoneka ankakaima pakhonde kuyang'ana pageti pansipo. Mlonda akatsegulira mkazi aliyense wamtali, ankangoti Nekesa wabwera kudzatenga mwana. Mabotolo ankawiritsa owiritsa kale. Chimwemwe chinalipo, chachikulu, koma sankachimva kukoma chifukwa ankachigwira ngati chinthu chobwereka.

"Vai, relax," a Lawson ankatero. "Mwina foni yangotha moto."

"Masiku onsewa? Ku Kawangware anadula magetsi dera lonse?"

A Getrude anatsika ndege atavala majuzi awiri, poti anamva kuti ku Nairobi kumazizira. Chikwama chawo chinali chodzaza ndi zitenje, ufa wa mawere ndi nsalu zakale zofewa, zong'ambidwa mofanana. Atafika m'nyumba sanafune tiyi kapena mpando. Anasamba m'manja, kulandira mwana, kumuvula zonse n'kumuyang'ana kuyambira paliwombo mpaka kuzala za kumapazi. Anaona mchombo kuti ukuuma bwino. Kenako anapinda kakhutu ndi chala.

"Taonani makutu! A malemu bambo enieni, oimirira. Pepa mwanawe, wagwera m'banja la makutu."

Vailet anaseka kuchokera pansi pa mtima, koyamba chibadwire mwanayo. Anaganiza kuti chovuta chadutsa. Sanadziwe kuti achemwali ake angoyamba kumene.

M'mawa mwake anawapeza kukhitchini atatulutsa beseni ndi nsalu zija, akupinda chitenje.

"Mnzakoyo ali kuti?"

"Mnzanga uti, achemwali?"

"Amene anamva ululu. Akumuthowa ndani?"

Kwathu mayi akabereka sasiyidwa choncho. Amayi aakulu amaviika nsalu m'madzi otentha n'kumamusindikiza nayo pamimba, m'chiuno ndi kumsana kuti thupi libwerere m'malo mwake, kenako amamumanga mimba ndi chitenje n'kumupatsa phala. A Getrude anathowa pafupifupi theka la akazi a m'mudzi mwawo, ndipo m'ndege monse ankaganiza za ntchito imeneyi. Ankadziwa kuti mng'ono wawo alibe pothowa. Ndiye kuwerengera kwawo kunali kosavuta: pali mwana, ndiye kuti penapake pali mayi amene msana ukumuwawa.

"Achemwali, kuno sizili choncho," anatero Vailet. "A agency anati after delivery ndi bwino aliyense akhale kwake. It's for her own good."

"For chiyani?"

"Kuti asavutike mtima."

"Asavutike mtima, koma avutike msana?"

A Lawson anasuzumira pakhomo la khitchini, mwana ali paphewa. "Alamu, nkhaniyi ili ndi mbali ya malamulo, ndiye mwina tikanayamba…"

"Alamu, inu gwirani mwana wanu bwino, mutu ukupendekeka. Izi n'za akazi." A Getrude anatembenukira kwa Vailet. "Munthu wokusenzera thumba kuchokera kumsika umamupatsa madzi akumwa. Uyu wakusenzera munthu wathunthu, iwe wangolandira pakhomo n'kutseka chitseko. Ndinakulera choncho ine?"

Pamenepo Vailet anaphulika. "Nanga akamufuna? Akationa n'kuyamba kukumbuka, akakanena kukhoti kuti ndasintha maganizo, mudzandibwezera ndinu? Foni anathimitsa, achemwali, sindikudziwa chimene akuganiza. Mufiriji muja simunatsale kanthu. Uyu ndi womaliza. Akapita uyu ine ndatha."

A Getrude atayankha, mawu anali atafewa, koma beseni sanalisiye.

"Ndakumva, mwana wa mayi anga. Koma ngati akumufuna, akumufuna kale, iwe uli kuno ukuzungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Kukhala kuno sikukutchinga chilichonse. Ine ndikupita. Chiswahili sindichidziwa, ndizikafunsa njira ndi manja."

Ndipo akanapitadi. Vailet ankawadziwa achemwali ake. Anavala nsapato akung'ung'udza, n'kuitana dalaivala uja ankapereka zipatso. Chokhacho chimene chinamutsitsa mtima pang'ono n'chakuti a Getrude ananena okha kuti mwana satuluka panja mchombo usanagwe, ndiye Chiyamiko anatsala ndi bambo ake.

Pamsewu panali podzaza monga mwa masiku onse. Takisi inkasuntha pang'ono n'kuima, njinga zamoto zikudutsa uku ndi uku ngati zilibe eni. Vailet anatsegula windo, kutseka, kutsegulanso. Anaimbanso foni ya Nekesa, yothima. Anaimbira a Lawson kufunsa ngati mwana wabyukula, asanafike n'komwe pamphambano yoyamba. A Getrude anali phee, beseni pamiyendo, akuyang'ana nyumba zosanjikizana.

"Anthu onsewa ufa amayanika pati?"

Nyumba zazitali zinatha, mitengo ya ku Lavington inatha, kenako phula naye anatha. Dalaivala anaima pafupi ndi ogulitsa makala n'kuloza geti la malata.

Mkati munali bwalo lopapatiza, zipinda za malata mbali zonse ziwiri, mpopi umodzi pakati. Pakhomo la kumapeto panali azimayi angapo atakhala pazigubu ndi timipando, atafunda nsalu, mitu ili pansi. Ketulo yaikulu inali pambaula. Mmodzi ankaimba nyimbo ya Mulungu chapansipansi, enawo akungong'ung'udzira. Munthu wa ku Malawi safunika kuuzidwa kuti anthu akakhala chotero pagwa chiyani. A Getrude anatsitsa beseni pansi.

Vailet anaganiza kuti Nekesa wamwalira. Ndipo tinene zoona, chimene chinayamba kufika m'mutu mwake si ana awiri a Nekesa ayi, chinali khoti. Manyazi a ganizo limenelo anamuwotcha nkhope pomwepo, ndipo mpaka lero akalikumbuka amadzida.

Mayi wina wachikulire, wa duku yoyera ya mpingo, anaimirira kudzawalandira. Analankhula m'Chiswahili.

"Karibuni. Mwabwera kwa Nekesa? Ali mkati, akupumula. Mwamva kale eti? Mwana sanakhale moyo. Mnzathuyu anabwera chimanjamanja. Akuti kanali kamtsikana. Achipatala anakaika okha."

A Getrude anakoka mkono wa Vailet. "Akuti chiyani?"

Vailet anayankha monong'ona. "Akuti mwana anamwalira."

"Mwana uti? Si tamusiya ndi alamu pompano?"

"Tsitsani mawu, achemwali. Akunena Chiyamiko. Anthuwa akulira Chiyamiko."

A Getrude anagwira pakamwa. "Malodza! Kulira munthu wamoyo? Auze asiye nyimboyo. Auze msanga, akumuitanira tsoka mwana!"

Vailet sanafunikire womukankha. Mawu anali atafika kale pakhosi. Ankafuna kukuwa kuti ali moyo, ali ku Kilimani, wamwa mkaka m'mawa uno, ali ndi makutu a agogo ake. Ankafuna kugubuduza ketuloyo, kuthamanga mpaka kunyumba n'kukaika khutu pachifuwa cha mwana wake. Koma katani ya pakhomo inasuntha pang'ono, ndipo anaona nkhope ya Nekesa. Maso amenewo ankapempha chinthu chimodzi chokha.

Vailet anagwira dzanja la mayi wa duku uja ndi manja awiri.

"Pole sana," anatero. "Ndine kasitomala wake, amandigulitsa masamba. Awa ndi achemwali anga. Tabwera kudzamuona."

Anapepesa maliro a mwana wake yemwe, n'kuvula nsapato, n'kulowa.

Chipindacho chinali chimodzi: bedi, kabati kakang'ono, mayunifolomu a ana pachingwe. Anawo anali atawatumiza kwa agogo awo ku Bungoma. Munkamveka fungo la mkaka. Nekesa anakhala m'mphepete mwa bedi chopendekeka, dzanja lili kumsana, bulauzi itanyowa pachifuwa mbali zonse ziwiri.

"Madam, mundikhululukire," ananong'ona. "Ndinachoka pano ndi mimba aliyense akuona. Ndabwera ndilibe kanthu. Ndikanati chiyani? Ndikanena zoona ati ndagulitsa mwana. Aitana apolisi, ana anga kusukulu aziwaloza zala, masamba anga palibe adzagule. Ndinangouza mayi mmodzi pampopi kuti asiye kundifunsa. Pofika madzulo anali atadzaza pakhomo, wina shuga, wina makala. Foni ndinathimitsa chifukwa achibale akungoimba kupepesa, ndipo sindingathe kunama tsiku lonse."

Vailet anamasulira zonse. A Getrude anamvetsera nkhope ili gwa, koma maso awo anali pa dzanja lija la kumsana, ndipo mkwiyo unayamba kutsika wokha.

"Umufunse ngati wathowedwa."

Sanathowedwe. Anzake aja anabwera kudzatonthoza mtima, za thupi palibe anaganiza.

A Getrude anatuluka ndi beseni lawo. Mmene anachitira ndi manja okha palibe akudziwa, koma posakhalitsa ketulo ya tiyi inali pansi, pambaula pali sefuliya ya madzi, mtsikana wina akukupiza moto. Mayi wa duku uja ataona nsalu anazindikira, n'kunena kuti ngakhale kwawo amatero, kungoti mitu inali itaima ndi chisoni. Madzi analowa m'chipinda akufuka nthunzi. A Getrude anawayesa ndi chigongono, kuviika nsalu, kufinya, kenako kuitambasulira kwa Vailet.

"Tenga."

"Ine sindidziwa, achemwali."

"Udziwa lero. Wakuberekera ndiwe, osati ine."

Vailet anagwada pasimenti. Nekesa anagona chagada n'kukweza bulauzi. Mimba imene anaithawa miyezi yonse ija inali pamaso pake tsopano, yofewa, yakuda, ya mizeremizere, isanaphwe bwino. Umu ndi mmene Chiyamiko anakhala. Nsalu inkamuwotcha m'manja. Anaiika pang'onopang'ono, moopa.

"Sindikiza!" anatero a Getrude. "Ukumusisita ngati mphaka bwanji? Tsamira ndi thupi lonse. Tsika m'munsi. Eya, pamenepo."

Anasindikiza. Nekesa analuma nsonga ya pilo n'kubuula, misozi ikutsikira m'makutu. Panja azimayi aja atamva kubuulako anakweza nyimbo, poganiza kuti mnzawo akulira mwana. Mwina ankaliradi mwana. Vailet sanathe kusiyanitsa, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa madziwo. Pansi pa malaya ake, chipsera chakale chija cha opaleshoni chinayamba kuyabwa. Anamutembenuza Nekesa, kuthowa m'chiuno, kuthowa kumsana. Madzi atazizira anabweretsa ena. Mawondo anachita dzanzi, manja anafiira, koma mtima wake theka unali ku Kilimani, ukufunsa ngati a Lawson akumbukira kuyesa mkaka padzanja asanamwetse.

Atamaliza, a Getrude anamanga mimbayo ndi chitenje chatsopano cha ku Malawi, kukoka mpaka Nekesa anapuma mokoka mpweya. Anamanganso mabere ndi nsalu ina kuti mkaka uphwe. Kenako anatuluka kukaphika phala la mawere, n'kuwasiya awiriwo okha. Chiyambire sanakhalepo awiriwiri popanda namwino kapena munthu wa ku bungwe lija linawakumanitsa.

Nekesa anatsamira khoma, thukuta lili kamukamu. Nkhope inali itamasuka.

"Akuyamwa?" anafunsa monong'ona.

"Botolo. Amamwa ngati wina amulanda."

"Amagona?"

"Kugona kuti? Amangokuwa. Anthu a nyumba yoyandikana nafe atidziwa."

"Ndinadziwa. M'mimba sankagonanso ameneyo."

Nekesa anayamba kuseka, mpata wa mano uja n'kuonekera, koma anakumbuka kuti panja pali anthu olira, n'kudzitseka pakamwa ndi dzanja. Mapewa okha ndi amene ankagwedezeka. Kusekako kutatha anayang'ana zala zake.

"Muli ndi chithunzi?"

Ichi ndi chimene Vailet ankaopa kuyambira tsiku la kwa loya. Akanatha kunena kuti foni yatha moto. Bodza limodzi anali atanena kale panja, lachiwiri silikanavuta. Koma manja ake anali akadali otentha ndi thupi la mayiyu, ndipo anapezeka atatulutsa foni.

Nekesa anailandira ndi manja awiri. Anakulitsa nkhope ya mwana ndi zala, kuyang'ana maso, kutsika pakamwa, kubwerera. Sananene kuti ndi wokongola. Nsalu ya pachifuwa ija, yomangidwa kumene, inayamba kunyowa. Vailet anaimirira, kukhala, kuimiriranso, m'chipinda mopanda poyenda. Funso la khoti linali kunsonga ya lilime, koma munthu woti wangomumanga mimba ndi manja ako ungamufunse bwanji zimenezo? Patapita nthawi Nekesa anabweza foniyo chozondotsa, galasi lili pansi, n'kugona kuyang'ana kukhoma.

Mtima wa Vailet unagwa. Anadziuza kuti basi, wamuona, wamufuna, ndamutaya ndi manja anga. Anakwiyira achemwali ake, anakwiyira loya, anadzikwiyira yekha koposa onse.

A Getrude anabweretsa phala n'kuliika pampando, kumugwira Nekesa paphewa, n'kumuuza m'Chichewa kuti adye likadali lotentha ndipo mawa abweranso. Nekesa anagwedeza mutu osatembenuka. Beseni analisiya pansi pa bedi.

Panja dzuwa linali litakwera. Vailet ankangofuna geti, koma mayi wa duku uja anawatchingira njira ndi makapu awiri a tiyi wamkaka. Munthu sachoka pamaliro osamwa kanthu. Anawakhazika pazigubu, pafupi penipeni ndi khomo, pamene pakati pa iwo ndi bedi la Nekesa panali katani yokha.

"Makasitomala ngati inu ndi osowa," anatero mayiyo. "Ena akanangosamukira kwa wogulitsa wina. Mwagwada pansi, mwamugwira ngati m'bale wanu. Nanga inu mayi, muli ndi ana?"

Funso limeneli Vailet anakhala akulizemba moyo wake wonse wa pabanja, pena ndi nthabwala, pena ponamizira kuti wina akumuitana. Ankalota tsiku limene adzaliyankhe mutu uli m'mwamba, koma sanaganizepo kuti lidzamupeza atakhala pachigubu pamaliro a mwana yemweyo. Ankadziwa kuti kuseri kwa katani mawu aliwonse akumveka.

"Mmodzi," anatero. "Wamkazi."

Mayiyo anaika ketulo pansi n'kugwira manja ake ofiira aja.

"Mungu akuwekee. Mulungu akusungireni ameneyo. Akule, akutumikireni, adzakuikeni m'manda ndi iyeyo. Asakulandeni matenda, asakulandeni munthu."

Azimayi aja anavomera pempherolo ndi ameni wa chapansipansi. Koma Vailet anamva mawu amodzi okha, ochokera kuseri kwa katani, osasa koma osanjenjemera, okwera kuposa a onse.

"Amina," anatero Nekesa.